Amuna anga anali mkulu wa mpingo, lero ndiyembekezerenso chiyani?

Funso la owerenga

"Abusa, ndine mayi wa ana anayi. Kwathu ndi ku Ntchisi koma tinakhazikika ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndipo ndimachita geni ya kaunjika mumsika waukulu. Pabanja takhala zaka 19. Amuna anga akhala mkulu wa mpingo zaka zisanu ndi zitatu. Ankalalikira, ankaphunzitsa kalasi, maliro akagwa m'dera mwathu ndiwo ankatsogolera mapemphero. Mwezi wa Epulo ndinatulukira kuti ali ndi mkazi wina ku Mchengautuba, ndipo kuli mwana wa zaka zitatu. Mpingo wawaimitsa paudindo ndi pamgonero. Iwo akuti Satana anawanyenga, ndiwakhululukire. Anzanga a m'bungwe la amayi akuti banja n'kupirira. Mwana wathu woyamba, wa zaka 17, amene anaphunzira kalasi kwa bambo ake omwewo, wasiya tchalitchi, akuti zonse n'zabodza. Inenso ndikagwada mawu sakubwera, kukungobwera mkwiyo. Ngati munthu woima paguwa angachite zotere, chikhulupiriro chathuchi n'choona? Ndiyembekezerenso chiyani?"

Yankho la Abusa

Mayi, pepani. Pepani kwambiri. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa m'kalata yanu ndaonamo anthu ambiri okuuzani zochita, koma sindinaonemo ngakhale mmodzi amene anangofika pakhomo panu, kukhala pamphasa n'kulira nanu. Anzake a Yobu atamva za tsoka lake anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, popanda wolankhula kanthu, poona kukula kwa chisoni chake. Timawadzudzula anthu aja, ndipo n'zoona analakwitsa, koma analakwitsa atatsegula pakamwa. Sabata yoyamba ija anachita bwino.

Chimene chakugwerani ndi maliro, koma maliro opanda bokosi. Akanakhala kuti amuna anu amwalira, Chibavi yense akanasonkhana. Amayi akanagona m'nyumba, abambo akanakoleza moto panja, kwaya ikanaimba mpaka mbandakucha, chipepeso chikanalembedwa m'kope. Apa mwaferedwa munthu amene munkati mukumudziwa, mwaferedwanso zaka 19 zimene tsopano mukuzifufuza chimodzichimodzi kuti mudziwe kuti zoona zinali ziti. Koma kutacha munadzuka, n'kukamasula belo la kaunjika ngati palibe chachitika. Ndiye musadabwe kuti thupi lalema, tulo tasowa, pemphero lauma. Namfedwa sitimufunsa chifukwa chimene sakuyambitsira nyimbo.

Ndiyambe ndi kugwada kwanuko, chifukwa apa mukudziimba mlandu umene mulibe. Tsegulani Salmo 55, muwerenge ndime 12 mpaka 14. Wolemba salmoli akuti akanakhala mdani amene wamunyoza akanapirira, akanakhala womuda akanamubisalira. Koma ndi mnzake weniweni, amene ankacheza naye mokoma ndi kuyenda naye m'khamu la anthu popita kunyumba ya Mulungu. Kutsogolo pang'ono akuti mawu a munthuyo anali osalala ngati mafuta koma mumtima mwake munali nkhondo. Mayi, si inu kodi ameneyu, amene munkayenda ndi amuna anu Lamulungu lililonse, Baibulo lawo muli nalo m'chikwama? Ndipo wolembayo sakulankhula monyengerera. Akupempha zinthu zoopsa zimene ife abusa timakonda kuzidumpha tikamawerenga paguwa. Salmo 88 ndiye n'lowawa koposa: kuchokera pamwamba kufika pansi palibe pamene pakucha, ndipo likuthera mumdima. Amene anasonkhanitsa Masalmo sanalichotse, sanalipachikenso ndime yokometsera kumapeto. Analisiya momwemo kuti munthu wonga inu adzapeze mawu tsiku limene ake atha.

Choncho mkwiyo wanuwo lowani nawo m'pemphero. Muuzeni Mulungu kuti mwakwiya ndi amuna anu, ndi mayi wa ku Mchengautuba uja, ndi anzanu amene mwina ankadziwa koma ankangokulonjerani ndi nsangala, ndiponso ndi Iye mwini amene ankaona zonse zaka zonsezi. Mawu otere si achilendo m'makutu mwake. Mwana wake yemwe ali pamtanda anafuula mawu oyamba a Salmo 22, kufunsa chifukwa chimene Mulungu wamusiyira. Umene ndimauopa ine ndi mkwiyo wokwiriridwa pansi pa yunifolomu yoyera yosita bwino, chifukwa umenewo umadzatulukira pa ana, kapena umangomudya munthu m'kati mpaka thupi kugonja.

Tsopano funso lanu lalikulu: chikhulupiriro chathuchi n'choona? Ndikuyankha ndi mtima wonse kuti inde. Ndipo kugwa kwa amuna anu n'chimodzi mwa zinthu zimene chikhulupiriro chomwechi chinanena kale za munthu. Baibulo silinatilonjeze atsogoleri osagwa. Aroni, mkulu wa ansembe woyamba, ndiye anaumba fano la mwana wa ng'ombe. Davide anatenga mkazi wa msilikali wake, n'kukonza zoti msilikaliyo afere kunkhondo. Pali chinthu china pa Mateyu 1 chimene ambiri timachidumpha chifukwa ndi mndandanda wa maina. Pofika pa Solomo, Mateyu sanalembe dzina la Batiseba. Analemba kuti Davide anabala Solomo mwa amene anali mkazi wa Uriya. Dzina la munthu wolakwiridwayo analisiya pakati penipeni pa mzere wobadwira wa Yesu, kuti aliyense wowerenga apunthwepo. Buku lofuna kuphimba manyazi a eni ake silikanalemba chomwecho. Paulo naye, pa Aroma 7:19, akuvomera kuti chabwino chimene akuchifuna sachichita, koma choipa chimene sachifuna n'chimene achichita. Chikhristu chimayambira pamenepa, pakuti munthu ndi wosweka, woima paguwa ndi wokhala pabenchi yemwe, ndipo n'chifukwa chake pakufunika Mpulumutsi.

Koma mundimvetse bwino, chifukwa mawu amenewa anthu amawasandutsa chofunda cha wolakwa. Kunena kuti tonse ndife ochimwa sikuchepetsa chimene amuna anu anachita. Mwana wa zaka zitatu akutanthauza kuti njira ya ku Mchengautuba yakhala ikupondedwa pafupifupi zaka zinayi, mwinanso kuposa. Njira siioneka poyendapo kamodzi. Imaoneka udzu ukafa. Panali ndalama ya kabaza, ya lendi, ya sopo ndi matewera, mwina yochokera m'geni yanu yomwe. Panali madzulo amene munauzidwa kuti ali kumsonkhano wa akuluampingo. Ndipo Lamulungu lililonse ankavala jekete n'kukagawa nawo mgonero. Mawu akuti "Satana anandinyenga" ndawamva kambirimbiri m'chipinda cholangizira, ndipo sindiwalandira ngati kulapa. Satana alipo ndithu ndipo amayesa anthu, koma Yakobo 1:14 akuti munthu aliyense amayesedwa pamene chilakolako chake cha iye mwini chimukoka. Adamu atafunsidwa analoza mkazi, mkazi naye n'kuloza njoka. Davide, mneneri Natani atamuloza chala n'kumuuza kuti munthuyo ndi iyeyo, sanaloze wina aliyense. Anati wachimwira Yehova, basi. Salmo 51 linabadwa pamenepo. Ndipo onani kuti ngakhale anakhululukidwa, zotsatira za tchimo lake sizinachoke m'nyumba mwake. Choncho mpingo unachita bwino kuwaimitsa. Paulo pa 1 Timoteo 3 akunena momveka kuti woyang'anira mpingo akhale mwamuna wa mkazi mmodzi, woweruza bwino nyumba yake. Ndikupempha akuluampingo amene akuwerenga izi kuti asathamangire kubwezera munthu pampando chifukwa choti ali ndi liwu labwino kapena amathandiza pa chitukuko cha tchalitchi. Ndipo mawu aja akuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda asamveke pakamwa pa mkhristu. Apweteka amayi ambiri mawu amenewa.

Nkhani ya mnyamata wanu yandikhudza kwambiri, ndipo funso lake silachibwana. Mpingo wa muno mu Africa unagawikapo pa funso lomwelo. M'chaka cha 303 mfumu Diocletian ya ku Roma inayamba kuzunza akhristu, n'kulamula kuti mabuku opatulika aperekedwe kuti atenthedwe. Atsogoleri ena kumpoto kwa Africa anachita mantha n'kupereka. Chizunzo chitatha anthu anafunsa kuti: nanga ubatizo wochitidwa ndi manja amene anapereka Malemba kumoto, n'ngwabwino? Gulu lotsatira bishopu Donatus linati ayi, wobatizidwa ndi mtsogoleri wakugwa abatizidwenso. Mkangano unatenga zaka zoposa zana, mpaka mabishopu mazanamazana a mbali zonse ziwiri anakumana ku Carthage m'chaka cha 411. Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, anaphunzitsa kuti mphamvu ya ubatizo siichokera m'kuyera kwa wobatizayo. Anati kaya abatize Petro, kaya Paulo, kaya Yudasi yemwe, wobatiza weniweni ndi Khristu. Mipingo yambiri, ya Katolika ndi ya Chiprotestanti yomwe, yaima pamenepa mpaka lero. Mumuuze mwana wanu kuti zimene anaphunzira m'kalasi sizinali za bambo ake. Bambo ake anali wonyamula chabe. Kalata yochokera kwa agogo siisanduka yabodza chifukwa choti amene anainyamula analedzera panjira.

Augustine yemweyo sanali munthu wopanda chilema. Asanabatizidwe ku Milan m'chaka cha 387 anakhala zaka zoposa khumi ndi mkazi amene sanamange naye ukwati, n'kubereka naye mwana wamwamuna, Adeodatus. Kenako mkaziyo anabwezedwa ku Africa, mwana n'kutsala ndi bambo ake. Mbiri inasunga mabuku a Augustine, koma dzina la mayiyo silinalembedwe paliponse. Ndikamaphunzitsa za munthu wamkuluyu ndimamukumbukiranso mayi ameneyu, chifukwa kawirikawiri mpingo umakumbukira mwamuna amene analapa n'kuiwala mkazi amene analipira mtengo wa kugwa kwake. Inu musaiwalike chomwecho.

Nanga chiyembekezo? Pano ndiyenera kusamala kuti ndisakupatseni chinthu chimene Mulungu sanalonjeze. Sindingakuuzeni kuti banja lanu libwerera mmene linalili. Madzi akatayika saoleka. Sindingakuuzeninso kuti mukasala kudya masiku 21, kapena mukapereka mbewu kwa mneneri wina, kapena mukawaza madzi odzozedwa pazovala za amuna anu, mkazi winayo athawa. Alipo amene adzakuuzani zimenezi, ndipo adzakupezani mosavuta chifukwa munthu wosweka mtima amaoneka patali. Sungani mpamba wa geni yanu.

Tsiku limene Yesu anauka, ophunzira awiri ankayenda ulendo wa ku Emau nkhope zili zakugwa. Mlendo atawafunsa, anati iwo ankayembekeza kuti Yesu ndiye adzaombole Israele. Imvani mmene akunenera: ankayembekeza, kutanthauza kuti chiyembekezo chija chatha. Inunso munkayembekeza kukalamba ndi mkulu wa mpingo wolemekezeka, ana akukula akuona chitsanzo. Chimenecho chafa, ndipo ndi bwino kuchilira. Koma amene ankayenda nawo pamsewu uja anali Yesu mwiniwake, ndipo sanamuzindikire mtunda wonsewo mpaka ananyema mkate madzulo. Sanawadzudzule chifukwa chochoka ku Yerusalemu n'kuwasiya okha. Anayenda nawo njira yawo yomweyo yotaya mtima. Chiyembekezo cha mkhristu chili pa munthu ameneyu: anaperekedwa ndi mnzake wodya naye m'mbale imodzi, anakanidwa ndi wina, anaphedwa, n'kuuka. Ndipo atauka zipsera sizinafufutike. Tomasi anauzidwa kuti abwere ndi chala chake aone manja, abwere ndi dzanja aliike m'nthiti. Thupi la kuuka lili ndi mabala. Ine ndimatsamira pamenepa: Mulungu sachiritsa ponamizira kuti palibe chinachitika. Zimene zakuchitikirani zidzakhala mbali ya mbiri yanu, koma sizidzatuluka magazi masiku onse.

Paulo pa Aroma 8 akuti chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi pa zowawa za kubala, ifenso tikubuula m'kati mwathu, ndipo pamene sitidziwa chopempha Mzimu mwini amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Werenganinso ndime 26 imeneyo, mayi, mukagwada mawu n'kukana kubwera. Akutinso chiyembekezo chimene chikuoneka si chiyembekezo. Kumpoto kuno tili ndi chitsanzo chathuchathu. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875. Anagwira ntchito zaka zisanu ndi kanthu, malungo akuwapha mmodzimmodzi, manda awo alipo mpaka lero, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa m'chaka cha 1881, chaka chomwe anasamukira ku Bandawe. Ku Khondowe anakwera mu 1894. Amene anaikidwa m'manda a ku Cape Maclear sanaone matchalitchi odzaza a ku Katawa, ku Zolozolo kapena ku Chibavi kwanuko. Munthu akanawafunsa chaka chachinayi kuti zikuyenda bwanji, akanaloza manda. Inu muli pa mwezi wachitatu kapena wachinayi chabe. Musaweruze moyo wanu wonse poyang'ana pamene mwaima lero.

Kuno kwathu Juni ndi Julayi kumazizira, nkhungu n'kutsika m'mawa mpaka osaona nyumba ya mnzako, ndipo madzulo banja lonse limazungulira mbaula. Mukakoleza makala usiku uno mukumbukire kuti Yohane anatchula moto wa makala kawiri. Koyamba ndi pabwalo la mkulu wa ansembe, usiku wozizira, Petro akuwotha ndi alonda, pamene anakana Mbuye wake katatu. Kachiwiri ndi m'mphepete mwa nyanja m'mamawa, monga mmene zimakhalira ku Nkhata Bay asodzi akamakocheza: moto wa makala, nsomba zili pamoto, mkate uli pambali, wokoleza motowo ndi Yesu. Anamubwezera Petro pa fungo lomwelo la tchimo lake. Anayamba wamudyetsa, kenako n'kumufunsa katatu ngati amamukonda, mpaka Petro anamva chisoni. Kubwezeretsedwa kulipo, ngakhale kwa amuna anu, ndipo ndikuwafunira zimenezo. Koma njira yake imadzera pamoto womwe uja, pamene munthu amayang'ana chimene anachita osathawitsa maso.

Izi zikutifikitsa pa mawu a anzanu akuti mukhululuke, banja n'kupirira. Sindikuwada amayi amenewa. Ambiri a iwo anauzidwa zomwezo ndi alangizi awo, ndipo ena akusenza mitolo yofanana ndi yanu mwakachetechete. Koma akusakaniza zinthu zitatu zosiyana. Kukhululuka ndi kuleka kufuna kubwezera, kupereka mlandu m'manja mwa Mulungu. Yesu anatilamula zimenezi ndipo sindingakubisireni. Koma kwa bala lakuya chotere kukhululuka kumayenda pang'onopang'ono, lero mwatula, mawa mwapezeka mwasenzanso, n'kutulanso. Palibe mkulu wa mpingo kapena nkhoswe amene angakuikireni tsiku. Kukhulupiriranso munthu ndi chinthu china. Kumeneko sikulamulidwa, amakumanga ndi wolakwayo, ndi zochita zake, kwa nthawi yaitali. Zakeyu atalapa sanangolira, anatchula zimene adzabweze. Yang'anani ngati amuna anu akunena zoona zonse osadikira kugwidwa, ngati foni ndi ndalama zawo zili poyera, ngati avomera chilango cha mpingo osadandaula za ulemu wawo, ngati apepesa ana ndi pakamwa pawo. Munthu amene akukwiya kuti mukuchedwa kukhululuka akadali kuganiza za iye mwini. Chachitatu ndi kupitiriza banja. Ndaona mabanja amene anadzukanso pambuyo pa zotere, n'kukhala oona mtima kuposa kale. Ndaonanso amene sanathe, ndipo mayi sanachimwe pochoka; pa Mateyu 19:9 Yesu mwini anatchula chigololo padera ponena za kutha kwa ukwati. Ziphunzitso za mipingo zimasiyana pa nkhani imeneyi, choncho mukhale pansi ndi abusa anu. Langizo langa n'lakuti musagamule chilichonse chachikulu miyezi ino, kaya kusamuka kaya kunena kuti zatha takhululukirana. Kupirira kumene Baibulo limayamikira ndi kuima m'choonadi pakati pa zowawa. Kutseka pakamwa kuti wolakwa asachite manyazi ndi chinthu china.

Pali zina zofunika kuchita ndi manja, ndipo zimenezi n'zauzimu ngati pemphero lomwe. Pitani kuchipatala mukayezetse magazi ndi matenda ena opatsirana pogonana, ndipo amuna anu apitenso, makamaka limodzi nanu. Musabwerere kuchipinda monga kale izi zisanachitike. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, a ku Ntchisi abwere ndithu, musakhale nokha pakati pa abale a mwamuna. Ndalama za geni yanu muzisunge padera. Ngati pali kumenyedwa kapena kuopsezedwa, pitani ku Victim Support Unit ya apolisi. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 lilipo chifukwa cha zotere, ndipo kulitsata si kusowa chikhulupiriro.

Chowawa ndachisungira pano. Ku Mchengautuba kuli mwana. Sanasankhe kubadwa motere, ndipo malamulo a dziko lino, monga lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, amafuna kuti bambo asamalire mwana wake, wobadwira m'banja kapena kunja. Kulapa kwa amuna anu kusakhale kutaya mwanayo, chifukwa kumeneko n'kuonjezera tchimo pa tchimo. Chibwenzi chithe, koma chisamaliro cha mwana chiyende poyera, kudzera mwa ankhoswe, inu mukudziwa kuchuluka kwake. Sindikukupemphani kuti mumukonde lero. Ndikungokukumbutsani kuti Hagara atathamangitsidwa ndi mwana wake m'chipululu cha Beereseba, madzi atatha m'thumba, Genesis 21 akuti Mulungu anamva kulira kwa mnyamatayo. Mulungu yemweyo sanamusiye Sara. Ali nawo makutu okwanira nyumba ziwiri zonsezi.

Ngati tulo tapitirira kusowa, chakudya chikukanika, kapena maganizo oti bola kufa ayamba kubwera, kwa inu kapena kwa mnyamata wanu, musadikire. Tili ndi mwayi kuno ku Mzuzu kuti a Saint John of God amathandiza anthu ovutika maganizo ndi kupereka uphungu, ndipo anthu a mipingo yonse amapitako. Ena amaopa kuti adzatchedwa amisala. Dziwani kuti munthu amene dzina lake lili pachipatapo, John of God, amene anamwalira m'chaka cha 1550, nayenso anatsekeredwapo m'chipinda cha odwala misala ku Granada, m'dziko la Spain, ndipo atatuluka m'menemo ndi pamene anayamba kutola odwala ndi osauka m'misewu n'kuwasamalira. Muziyang'anira amuna anunso pa mbali imeneyi, kapena muuze abale awo atero. Manyazi ndi kutaya udindo zimawafikitsa abambo ena pamalo oopsa, ndipo ambiri salankhula.

Zaka zapitazo, pampingo wina umene ndinkatumikira, panali mayi amene anakumana ndi zofanana ndi zanu. Kwa miyezi yambiri ankabwera Lamulungu koma osalowa m'tchalitchi. Ankayala chitenje pansi pa mtengo pafupi ndi zenera, mapemphero akatha n'kunyamuka anthu asanatuluke. Ena ankati ndikamulankhule alowe. Ndinakana, ndinangopempha mayi wina wachikulire kuti azikakhala naye pachitenjepo osanena kanthu. Banja lake silinabwerere. Mwamunayo anasankha kwinako. Patapita chaka ndi miyezi, pa maliro a mwana wa oyandikana naye, ndinamupeza usiku ali m'nyumba ya siwa, atamufungata namfedwa pachifuwa, akumupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Nyimbo itaduka, iye ndiye anayambitsa ina, ndi liwu lonjenjemera. Kuchokera pamenepo amayi osweka mitima a m'deralo ankapita kwa iye asanabwere kwa ine. Paulo akuti chuma cha Mulungu tili nacho m'zotengera zadothi. Kumudzi kwanu ku Ntchisi mukudziwa kuti mphika ukasweka satunganso madzi, ndipo mwini wake amadandaula. Koma phale lake ndi limene amakapalira moto kwa mnansi m'mawa moto ukazima. Sindikunena kuti Mulungu anaswa banja la mayi uja kuti apeze phale. Analiswa ndi mwamuna wake. Ndikungonena zimene ndinaona Mulungu akuchita ndi zidutswazo.

Mnyamata wanu musamukakamize kutchalitchi, ndipo musamubisire kapena kuwaikira kumbuyo bambo ake. Wa zaka 17 amadziwa kusiyanitsa. Mumuuze kuti zimene bambo ake anachita n'zoipa, kuti inunso mwakwiya, ndi kuti pakali pano kupemphera kukukuvutani. Adzakukhulupirirani kwambiri mukatero kusiyana n'kumulalikira. Mumupezere mwamuna wachikulire wokhulupirika, malume ake kapena mphunzitsi amene amamulemekeza, woti azicheza naye. Ndipo musamusandutse nkhoswe kapena kazitape pakati pa inu ndi bambo ake. Msinkhu wake sungasenze zimenezo.

Inuyo, ngati Lamulungu likubwerali miyendo ikana kulowa pakhomo la tchalitchi, khalani kubenchi yakumbuyo, kapena panja, kapena kunyumba ndi Salmo 55. Pamgonero sanaimitse inu. Tsiku limene mudzathe, pitani mukalandire, ngakhale misozi ikutsika ndipo anthu akuyang'ana. Mkate umenewo unanyemedwa koyamba usiku womwe Mwini wake anaperekedwa. Mwa amayi onse a m'bungwe lanu sankhanipo mmodzi yekha, wodziwa kusunga chinsinsi, mumuuze kuti simukufuna malangizo, mukufuna abwere Lachinayi madzulo mukaweruka kumsika, adzakhale nanu pambaula. Ine ndikhala ndikukutchulani m'pemphero pamodzi ndi ana anu anayi, ndipo mukadzayezetsa magazi ndi kukumana ndi ankhoswe mudzandilemberenso, ndimve mmene zayendera.